Miyala ya m'chigwa cha Chilwa: zomwe zimachitika phiri lisanasanduke mgodi

Mukamakwera msewu wopita ku Chawe mumapeza anyamata atayala miyala pa timatebulo ndi pa masaka. Ina ndi yakuda bii, yaitali ngati zala, yosongoka kumutu. Imeneyo ndi aegirine wa ku Malosa, ndipo anthu osunga miyala yokongola m'mayiko akutali amamudziwa bwino. Ina ndi quartz wooneka ngati galasi lolowa utsi. Mlendo akaiona amaganiza kuti chuma cha pansi chomwe chikunenedwa pa wailesi chija ndi chimenechi, koma si chimenecho. Mwala umene makampani a ku Australia ndi ku Canada akuboolera mapiri a ku Balaka ndi ku Phalombe ndi wosasangalatsa m'maso: wofiirira kapena wotuwa, pena wa mabowomabowo ngati mtengo wodyedwa ndi chiswe. Mutaupeza polima mukhoza kungouponya pa mulu wa miyala ya kumalire.

Chomwe chawukweza mtengo ndi kusintha kwa magwero a mphamvu pa dziko lapansi. Mayiko akuchoka pang'onopang'ono pa malasha ndi mafuta kupita ku magetsi a dzuwa, a mphepo ndi galimoto zoyendera batire, ndipo zipangizo zimenezi zimadya zitsulo zambiri. Batire limafuna lithium, graphite, nickel, manganese, nthawi zina cobalt. Mawaya amafuna copper ndi aluminium. Mota ya galimoto yamagetsi nthawi zambiri imakhala ndi maginito olemera kilogalamu imodzi kapena awiri, opangidwa ndi neodymium, chitsulo wamba ndi boron. Maginito a mtundu umenewu anatulukiridwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ku Japan ndi ku America, ndipo mpaka lero palibe maginito ogulitsidwa pa msika oposa amenewa mphamvu. Pa kulemera kwawo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi neodymium ndi mnzake praseodymium. Chopukusa chachikulu cha magetsi a mphepo, cha mtundu wopanda magiya, chimatha kudya matani angapo a maginito otere.

Neodymium ndi praseodymium ali m'banja la zitsulo 17 zotchedwa rare earths. Dzinali limapusitsa, chifukwa zitsulozi si zosowa kwenikweni. Cerium, mmodzi wa m'banjamo, amapezeka m'matanthwe a dziko lapansi mochuluka mofanana ndi copper. Vuto ndi lakuti zimamwazikana. Malo amene zinaunjikana mokwanira kuti munthu akumbe n'kupindula ndi ochepa, ndipo ngakhale zitapezeka, kuzilekanitsa china ndi chinzake ndi ntchito ya kalavula gaga. China ndiye anaigwiritsitsa ntchito imeneyi: amakumba zoposa theka la zonse za pa dziko, ndipo amayenga pafupifupi 90 pa 100 zilizonse. Mu 2010 atachepetsa zotumiza kunja, mitengo inauluka chaka chotsatira, mayiko ena n'kudzidzimuka. Kuyambira pamenepo mawu akuti chitsulo ndi "chofunika mwapadera" amatanthauza zinthu ziwiri pamodzi: mafakitale sangachite popanda icho, ndipo gwero lake lili m'manja mwa ochepa. Cobalt wambiri amachokera ku Congo, niobium pafupifupi yense ku Brazil.

Chifukwa chake maso atembenukira kuno

Phiri la Zomba ndi la Malosa, Chikala, Chaone, Mongolowe, Chinduzi ndi Mulanje ndi ana a mimba imodzi. Zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo chiphalaphala chotentha chinakwera kuchokera pansi penipeni, chambiri n'kuzizirira m'kati mwa nthaka osatulukira kunja. Mvula ndi mitsinje zakhala zikukokolola zomwe zinali pamwamba mpaka matanthwe olimbawo anatsala ali njo. Akatswiri amalitcha dera lonseli Chilwa Alkaline Province. Mapiri aakuluwa ndi a syenite ndi granite. Koma pakati pawo pali timapiri tating'ono ta mtundu wina wachilendo wotchedwa carbonatite: chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa, Tundulu ndi Songwe ku Phalombe, Kangankunde ku Balaka.

Carbonatite ndi mwala wa laimu, koma wosiyana ndi laimu wamba amene amaunjikana pansi pa madzi. Uyu anabwera ali wosungunuka kuchokera m'mimba mwa dziko. Kale akatswiri ambiri sankavomereza kuti zotere zingachitike. Frank Dixey, amene ankatsogolera nthambi yofufuza za miyala kuno ku Zomba nthawi ya Nyasaland, pamodzi ndi anzake awiri, analemba mu 1937 za miyala ya pa Chisi, ndipo kumeneko kunali koyamba kuti carbonatite azindikirike mu Africa. Umboni woona ndi maso unadza pambuyo pake ku Tanzania, kumene phiri la Ol Doinyo Lengai limalavula chiphalaphala cha mtundu umenewu mpaka lero. Ndi zachisoni kuti ana ambiri amene amakwera bwato pa Kachulu kupita ku Chisi samva kusukulu kuti chilumba chawo chimatchulidwa m'makalasi a sayansi ya miyala m'mayiko ambiri.

Mmene zitsulozi zimaunjikirana m'mwalamu n'chimodzimodzi mphika wa nyemba ukamaphwera pamoto: madzi akamachepa, mchere umakolera mu msuzi wotsalawo. Chiphalaphala chikamazizira, timibulu toyamba kuuma sitilandira rare earths, ndiye zimatsalira m'madzimadzi omalizira mpaka zitachuluka. Kenako madzi otentha oyenda m'ming'alu amazisuntha n'kukaziika pena. N'chifukwa chake m'phiri limodzi lomwelo, mbali ina imakhala yonona, ina yopanda kanthu, kutalikirana kwake mamita makumi awiri okha. Pa dziko lonse pakudziwika ma carbonatite oposa 500, koma amene akukumbidwa ndi ochepa kwambiri. Migodi yaikulu ya rare earths, Bayan Obo ku China, Mountain Pass ku California ndi Mount Weld ku Australia, yonse ili pa miyala ya mtundu umenewu.

Kuchoka mu ndege kufika pa thumba la sampulo

Ambiri akukumbukira ndege zija zinkauluka motsika cha m'ma 2013 ndi 2014, anthu n'kuzipatsa dzina loti Kauniuni. Zinkayenda m'mizere yotalikirana mamita 250, pomwe kafukufuku wa mtundu womwewo wa 1984 ndi 1985 mizere yake inkatalikirana kilomita yathunthu. Ndegezo sizinkaona golide kapena diamondi monga mphekesera zinkanenera. Chipangizo chimodzi chinkayeza mphamvu ya maginito ya matanthwe, china chinkayeza cheza chochokera ku potassium, thorium ndi uranium. Carbonatite nthawi zambiri amaoneka pa mapu otere ngati kadontho kozungulira, chifukwa amakhala ndi magnetite komanso thorium woposa miyala yomuzungulira. Koma choyezera cheza chija chimangomva masentimita pafupifupi 30 a pamwamba pa nthaka. Dothi lokokoloka likakwirira thanthwe, kapena pakakhala dambo la madzi, chimakhala ngati chagontha. Ndiye mapu a Kauniuni amangolozera kumene munthu akayambire kuyenda. Pambuyo pake panabwera ntchito ya GEMMAP, yothandizidwa ndi dziko la France, yojambulanso mapu a miyala ya dziko lonse, chifukwa ambiri mwa mapu akale anali a m'ma 1950 ndi 1960.

Kuyenda pansi kumafuna zida zochepa: nyundo, kampasi, GPS, kagalasi kokuza zinthu kakhumi, ndi kabotolo ka asidi wa hydrochloric wosungunulidwa. Katswiri amaswa mwala kuti aone m'kati mosakhudzidwa ndi mvula, n'kudonthezapo asidi. Ukachita thovu ngati soda, ndiye kuti muli calcite, timibulu ta laimu. Akaupera pang'ono ndi mpeni n'kuchita thovu pa ufa wokhawo, akuganizira dolomite kapena ankerite. Amayang'ananso miyala ya m'mbali: carbonatite amawotcha ndi kusintha matanthwe omuzungulira n'kuwasandutsa fenite, wofiira ngati njerwa yootcha, ndipo fenite ameneyu amafalikira malo aakulu kuposa carbonatite mwini wake. Kumupeza kuli ngati kuona phulusa, moto uli pafupi.

Kenako amatenga masampulo a dothi m'mizere, mwina pa mamita 50 kapena 100 alionse, pa kuya kofanana, thumba lililonse ndi nambala yake. Pali kachipangizo kogwira m'manja kotchedwa XRF kamene kamapereka manambala m'masekondi ochepa. N'kothandiza posankha pokumba, koma kamangowerenga kadera kakang'ono ngati chikhadabo, ndipo chinyezi chimakasokoneza. Manambala ake sayenera kulengezedwa ngati zotsatira. Cholakwa chofala kwambiri pa siteji imeneyi n'chakuti munthu amatola mwala wokongola kuposa yonse, n'kupita nawo ku labotale, zotsatira n'kubwera zapamwamba. Mwala umodzi wosankhidwa ndi diso sunena kanthu za phiri. Wogula chimanga satenga chitsononkho chachikulu cha pamwamba pa nkhokwe n'kuwerengera nkhokwe yonse. Njira yabwino ndi kukumba ngalande mpaka pa thanthwe, n'kudula kamzere kosadukiza, kotakata mofanana, mita ndi mita, posasiya poipa.

Kuboola ndiko kumadya ndalama zambiri, ndipo ndi kumene choonadi chimatulukira. Pali njira ziwiri zikuluzikulu. Ina imafanana ndi yoboolera mjigo: mphepo yamphamvu imatulutsa tizidutswa ta mwala, ndipo ndi yachangu ndi yotsikirapo mtengo. Vuto lake limabwera dzenje likafika pa madzi, chifukwa matope a pamwamba amasakanikirana ndi a pansi, sampulo n'kunama. Njira ina imagwiritsa ntchito mpope wokhala ndi mano a diamondi, umene umadula mwala n'kuutulutsa wathunthu ngati muzu wa chinangwa wowongoka. Mwala umenewu amautcha core. Wa saizi ya HQ ndi wa mamilimita 63.5 m'mimba mwake, wa NQ ndi 47.6. Amauyala m'mabokosi motsatana ndi kuya kwake, kuujambula, kulemba mtundu wa mwala ndi ming'alu yake, kenako kuudula pakati m'litali ndi macheka. Theka limapita ku labotale, theka limatsala ngati mboni.

Apa pali misampha itatu yoyenera kuidziwa. Woyamba ndi wakuti carbonatite amasungunuka ndi madzi a mvula, motero m'kati mwake mumakhala mapanga ndi dothi lofewa. Makina akadutsa mamita atatu n'kutulutsa core wa mita imodzi yokha, palibe akudziwa zomwe zinali m'mamita awiri otayikawo, ndipo kawirikawiri mbali yofewayo ndi imene imakhala yonona. Wachiwiri ndi mbali yoboolera. Mtsempha wa mwala ukakhala woimirira, wotakata mamita asanu, munthu n'kuuboola chotsetsereka motsata mtsemphawo, akhoza kulengeza kuti wapeza mamita 100 a mwala wabwino. N'chifukwa chake mabowo amawapendeketsa kuti adule mtsempha chopingasa, ndipo lipoti lachilungamo limanena kutakata kwenikweni. Wachitatu ndi kulemera kwa mwala. Matani a m'phiri amapezeka pochulukitsa kukula kwa malo ndi kulemera kwa mwala, kumene kumayezedwa poika chidutswa pa sikelo panja kenako m'madzi. Akangoyeza zidutswa zolimba zokha n'kuiwala zofewa, matani amafufuma pa pepala.

Ku labotale sampulo amaiphwanya, kuigawa, n'kuipera mpaka ufa wa ma micron 75, wosalala kuposa ufa woyera. Timibulu tina monga monazite ndi zircon sitisungunuka bwino mu asidi, ndiye ufawo amayamba ausungunula pa moto ndi lithium borate asanauyeze pa makina a ICP-MS. Kupanda kutero zotsatira zimatsika. Labotale nayonso imayesedwa. Pa masampulo pafupifupi makumi awiri alionse, kampani imabisamo thumba la ufa wodziwika kale kuchuluka kwa zitsulo zake, thumba la mwala wopanda kanthu, ndi sampulo ina yobwereza. Thumba lopanda kanthu likabwera ndi manambala, ndiye kuti makina operera sanatsukidwe. Kusamala konseku kuli ndi mbiri yake. Mu 1997 kunadziwika kuti kampani ya Bre-X ya ku Canada, imene inkati yapeza golide wochuluka zedi ku Busang m'dziko la Indonesia, masampulo ake ankathiridwa fumbi la golide. Anthu anataya ndalama zankhaninkhani. Lamulo la NI 43-101 la ku Canada linabadwa pambuyo pa zimenezi, ndipo makampani a ku Australia amatsata lina lotchedwa JORC. Onsewa amafuna kuti katswiri wodziwika dzina asainire manambala.

Kuwerenga manambala a m'nyuzipepala

Malamulo amenewa amagawa zopezeka m'magulu motengera kuchuluka kwa umboni. Inferred ndi pamene mabowo ali patalipatali ndipo zapakati n'zongoyerekeza. Indicated ndi pamene ayandikana mokwanira kuti mgodi uyambe kukonzedwa pa pepala. Measured ndi pamene kukayika kwachepa kwambiri. Zonsezi ndi resource, kutanthauza zomwe zili pansi. Reserve ndi gawo lokhalo limene lasonyezedwa kuti lingakumbidwe, kuyengedwa ndi kugulitsidwa mopindula. Mtolankhani kapena phungu akasokoneza mawu awiriwa, anthu amayamba kugawana ndalama zomwe kulibe.

Mu 2023 kampani ya Lindian Resources inalengeza kuti ku Kangankunde kuli matani 261 miliyoni a mwala wokhala ndi 2.19 peresenti ya rare earths. Tiyeni tiwerengere tani imodzi ya mwala wa 2 peresenti. Muli makilogalamu 20 a zitsulozi zonse pamodzi. Mwa amenewa, pafupifupi magawo atatu mwa anayi ndi cerium ndi lanthanum, zimene zadzaza msika ndipo mtengo wake ndi wotsika. Neodymium ndi praseodymium, zimene zimabweretsa ndalama zambiri, ndi gawo limodzi mwa asanu, ndiye makilogalamu 4. Tingoyerekeza kuti makina akugwira 60 pa 100, otsalawo n'kupita ku zinyalala: kwatsala makilogalamu 2.4 kuchokera mu tani yathunthu imene inaphulitsidwa, kunyamulidwa ndi kuperedwa. Amene amatenga matani onse a pansi n'kuchulukitsa ndi mtengo wa chitsulo choyengeka kale, n'kulengeza mabiliyoni, akusocheretsa anthu, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Funso lofunika kuposa kuchuluka ndi lakuti zitsulozo zabisala m'timibulu ta mtundu wanji. Ku Kangankunde zili mu monazite wobiriwira, wolemera kuposa miyala yomuzungulira, moti akaperedwa amalekanitsika ndi madzi ndi maginito, n'kutuluka mchenga umene zoposa theka lake ndi rare earths. Monazite wa kumeneko alinso ndi thorium wochepa, chimene ndi mwayi waukulu. Ku Songwe, kumene kampani ya Mkango Resources yakhala ikufufuza kwa zaka zoposa khumi ndipo inasainirana mgwirizano ndi boma mu 2024, zitsulozi zili mu synchysite ndi apatite, timibulu tating'onoting'ono tolukana ndi calcite. Pamenepo pamafunika kupera kwambiri, kuyandamitsa timibulu tofunikato ndi thovu la mankhwala, kenako kusungunula. Calcite amamwa asidi ngati mchenga umwera madzi, ndiye akatsalira wambiri, ndalama zimathera kugula asidi. Mapiri awiri a banja limodzi, koma mafakitale ake sangafanane. Migodi yambiri ya rare earths pa dziko imafera pa siteji imeneyi, miyala ilipo ndithu pansi.

Tikayerekeza ndi chimanga, mchenga wa monazite uja ndi mphale. Kuti ukhale ufa, amauwotcha ndi asidi wa sulphuric kapena kuuphika mu caustic soda, n'kupeza msuzi wa zitsulo zonse zosakanikirana. Zitsulozi zimafanana khalidwe ngati mapasa, motero kuzilekanitsa kumafuna kudutsitsa msuziwo m'matanki mazanamazana otsatizana. Kenako pamabwera kusandutsa ufawo chitsulo, kusakaniza, n'kuumba maginito. Phindu limakula pa sitepe iliyonse, ndipo n'zomveka kuti Amalawi akufuna zambiri zizichitikira konkuno. Koma tinene zoona: masitepe amenewa amafuna magetsi osazimazima, mankhwala ochuluka ndi anthu ophunzira za chemistry. Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje umodzi wa Shire, ndipo namondwe Ana atawononga Kapichira mu 2022 dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kuyamba ndi sitepe imene tingaikwanitse bwino, uku tikuphunzitsa ana ku UNIMA, ku MUST ndi ku MUBAS za sitepe yotsatira, n'kwanzeru kuposa kulonjeza fakitale ya maginito mawa.

Pali mtundu winanso wa malo opezekamo zitsulozi: dothi lokhalokha. Kumwera kwa China ndi ku Myanmar, granite wovunda ndi mvula anasanduka dongo limene zitsulo zinangomatirira pamwamba pa timibulu take, ndipo amazitsuka ndi ammonium sulphate, yemweyu timamudziwa ngati feteleza. Kumeneko n'kumene kumachokera dysprosium ndi terbium wambiri, zitsulo zothiridwa pang'ono m'maginito kuti asafooke akatentha. Dothi la m'chigwa cha Chambe pa phiri la Mulanje linafufuzidwapo pa chifukwa chomwechi. Koma njira yotsukira imeneyi yawononga mitsinje kumene yagwiritsidwa ntchito mosasamala, ndipo Mulanje ndi gwero la madzi a anthu ochuluka.

Za kwina tingodutsamo. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe, Sovereign Metals inalengeza matani 1.8 biliyoni a dothi lokhala ndi rutile (gwero la chitsulo cha titanium) pafupifupi 1 peresenti pamodzi ndi graphite. N'lofewa moti mabowo ambiri oyamba anaboola ndi zida zopukusa pamanja. Ku Kanyika ku Mzimba kuli niobium. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009 n'kuimitsidwa mu 2014, mtengo utagwa pambuyo pa ngozi ya mu 2011 pa malo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima, m'dziko la Japan. Miyala inalipo, msika ndiwo unatembenuka, ndipo zoterezi zingagwere chitsulo chilichonse, makamaka poti opanga mabatire ndi mamota amasintha kapangidwe akangoona kuti china chadula.

Madzi a Chilwa

Kuno kwathu nkhani yoyandikira kwambiri ndi mchenga wakuda wa m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, cha ku Mpyupyu ndi madera ena, kumene kampani ya Chilwa Minerals ikufufuza. Kale nyanjayi inali yaikulu kuposa lero, ndipo mafunde ake anapeta mchenga monga mayi apetera mpunga m'lichero: wopepuka unapita, wolemera monga ilmenite ndi zircon unatsala m'mizere pa magombe akale amene tsopano ndi minda. Mchenga wotere sufuna kuphulitsa. Amaukumba, kuutsuka ndi madzi m'mipope yopotana, n'kubweza wotsalawo m'dzenje. Zovuta zake zili pa dothi la pamwamba, limene liyenera kusungidwa palokha kuti munda udzabalenso, pa matope osalala amene amachedwa kukhazikika, ndi pa monazite wa mu mchenga, amene kawirikawiri amakhala ndi thorium wambiri ndipo akaunjikidwa pamodzi cheza chake chimayenera kuyang'aniridwa ndi bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority.

Chilwa ndi nyanja yopanda potulukira. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe zimathira momwemo, ndipo madzi amachoka pouma ndi dzuwa basi. Chilichonse cholowamo chimakhala momwemo, ndipo nyanja ikaphwa, monga inachitira mu 1968 ndi 1995, chimatsala m'matope amene mphepo imaulutsa. Mu 1996 nyanjayi inalembedwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse. Matemba, milamba, mpunga ndi mbalame za m'madambo ake zimadyetsa mabanja osawerengeka a ku Zomba, Machinga ndi Phalombe. Mgodi uliwonse wa m'chigwachi umatulutsa zinyalala zoposa 90 pa 100 za zonse zokumbidwa, ndipo zosabwezedwa m'dzenje zimasungidwa m'damu la matope limene liyenera kuima zaka zambiri mgodi utatsekedwa. Amene anaona zomwe namondwe Freddy anachita ku Phalombe ndi ku Mulanje mu Marichi 2023 akudziwa kuti damu lotere silingamangidwe motengera mvula ya chaka wamba.

Malamulo alipo: lamulo la migodi la 2023, limene linakhazikitsa bungwe loyang'anira migodi, ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, limene limafuna kafukufuku wa mmene ntchito idzakhudzire anthu ndi chilengedwe, woperekedwa ku bungwe loteteza chilengedwe la MEPA. Chiphaso chofufuzira si chiphaso chokumbira, ndipo ngakhale pofufuza, mbewu ndi mitengo zowonongeka zimayenera chipukuta misozi. Mabowo ofufuzira ayenera kutsekedwa ndi simenti, apo ayi amasakaniza madzi a pamwamba ndi a pansi, ndipo mbuzi zimathyokamo miyendo.

Mafumu athu, makomiti a chitukuko cha m'midzi ndi makhansala, mukaitanidwa ku msonkhano wa kampani, mafunso othandiza ndi amene ali ndi yankho la nambala. Mabowo aboola angati, otalikirana bwanji? Zomwe akulengezazo ndi resource kapena reserve? Madzi adzatunga kuti, malita angati pa tsiku, nanga mu Okutobala zitsime zikatsika? Damu la zinyalala lidzakhala kumtunda kwa mudzi uti? Ndipo koposa zonse, pemphani kuti madzi a m'mijigo, m'zitsime ndi m'mitsinje ayezedwe ntchito isanayambe, m'dzinja ndi m'chilimwe momwe, zotsatira zake zisungidwe kwa DC ndi kwa amfumu. Miyala ya m'dera lino payokha imatha kuthira fluoride ndi mchere m'madzi, ndiye popanda muyeso woyambirira, tsiku lina madzi akadzasintha kakomedwe sipadzakhala wotha kusonyeza ngati ndi mgodi kapena ndi thanthwe.

Theka la core lotsala m'mabokosi lija nalonso lisaiwalike. Makampani ofufuza amabwera ndi kupita. Ena amagulitsa chiphaso, ena ndalama zimawathera. Mita iliyonse ya core inadya ndalama zambiri, ndipo mwala umene unaboolerwa niobium kapena phosphate zaka makumi angapo zapitazo ukhoza kuyezedwanso lero pofuna neodymium popanda kubweretsanso makina. Izi zimatheka ngati mabokosi asungidwa pansi pa denga losadontha, pa mashelefu osafikako chiswe, manambala a dzenje ndi kuya atalembedwa pa kachitsulo osati ndi inki yofufutika ndi dzuwa, ndipo malipoti ake aperekedwa ku likulu la Geological Survey Department kuno ku Zomba. Bokosi limodzi likagudubuzika zidutswa n'kusakanikirana, mamita amenewo atayika, ndipo kuti adziwikenso pafunika kuboola dzenje lina pambali pa loyambalo.